Dzina tili nalo kale, koma odyerapo ndi ena

Funsani munthu aliyense mu Lusaka amene anakwerapo basi yopita kum'mawa kuti ku Nyimba kuli ciani. Sadzacedwa kuyankha, adzati nthoci. Mwina sadziwa kumene kuli ofesi ya khonsolo, mwina sanagonepo m'tauniyo ngakhale usiku umodzi, koma adziwa kuti basi ikaima pa Nyimba afunika kutsika ndi kandalama m'manja, cifukwa ana kunyumba adzafunsa. Pa Luangwa Bridge ndi nsomba zouma ndi madengu. Ku Chama ndi mpunga wonunkhira. Kuno kwathu ku Petauke, monga m'maboma ena a cigawo cino, ndi nshawa. Palibe amene analipira wailesi kapena kukhoma cikwangwani kuti mbiri imeneyi ifalikire. Inayenda yokha pakamwa pa anthu apaulendo, zaka ndi zaka, mu Great East Road.

Nkhani imeneyi yakhala ikundizungulira m'mutu kucokera pamene ndinabwerako ku msonkhano wa masiku awiri ku Lusaka, wa anthu ogwira nchito yotsatsa malonda. Munali a mawailesi, a manyuzipepala, ojambula zithunzi ndi mavidiyo, opanga mapaketi, ndiponso mabwana a makampani amene katundu wao timagula tsiku lililonse. Ife ocokera m'maboma tinali owerengeka, ndipo n'zosadabwitsa. Ndalama yolowera, basi ya makilomita pafupifupi 400 ndi malo ogona, mukaphatikiza ndi mpamba wathunthu wa kantemba. Ndiye ndati zimene ndinamva zisathere m'kope langa. Ndasankhako zimene zingagwire nchito pamsika wa Petauke ndi pa siteshoni ya Nyimba.

Brand ndi dzina cabe

Liwu limene linamveka kwambiri m'holomo ndi lakuti brand. Wokamba aliyense anali nalo, ndipo ena analizunguliza mpaka munthu n'kuyamba kuona monga ndi cinthu ca anthu a ku yunivesite okhaokha. Koma ukamvetsera bwino, ndi cimene makolo athu amati dzina kapena mbiri. Ndi cimene cimabwera m'mutu mwa wogula akangomva katundu wako akuchulidwa, ndipo ndi cimene cimamucititsa kupitirira mashopu atatu kuti afike pa yako.

Zitsanzo tili nazo m'nyumba. Tumani mwana kukagula mankhwala otsukira mano, adzakafunsa Colgate, ngakhale paketi ilembedwe dzina lina. Sopo wa ufa ndi Surf, polishi wa pansi ndi Cobra. Kampani ya Trade Kings inayamba mu 1995 ndi sopo wa Boom, ndipo lero amai ambiri sanena kuti sopo wocapira, amangoti Boom. Dzina la Chibuku linacokera ku liwu wamba lakuti buku, ndipo Shake Shake ndi malangizo cabe a zimene ufunika kucita ndi katoni usanamwe. Onani kuti maina onsewa ndi afupi, ndipo ngakhale ambuya amene sanapite kusukulu amawachula mosavuta.

Koma dzina silimamatira cifukwa ca kukoma kwake. Limamatira cifukwa wogula amapeza cinthu cimodzimodzi nthawi zonse. Pamsika wathu aliyense adziwa amai amene meda yao ndi yodzaza, yosaphwanyidwa kunsi. Adziwa cigayo cimene ukapita ndi tini ya cimanga subwerako ndi ufa wokaikitsa, ndiponso bucha imene sikelo yake sinama. Wogula amati, "Pita kwa amai aja a pafupi na geti, osagula kwina." Amai amenewo ali ndi brand, ngakhale alibe cikwangwani. Vuto n'lakuti dzina lao limathera pamene pathera mau ao. Akadwala mlungu umodzi, kapena khonsolo ikawasamutsa pamalo, makasitomala amamwazikana cifukwa palibe cizindikiro coti atsatire.

Wolemba pa botolo ndiye amadya

Tiyeni titsatire nshawa. Mlimi wa kwa Kalindawalo, kwa Mumbi kapena kwa Nyamphande amalima, kupalira, kukumba, kuyanika ndi kusenda. Ikafika May ndi June ndalama imafunika msanga, ndiye amagulitsa kwa ogula a sikelo a m'mbali mwa msewu. Thumba limakwera thiraki lopanda dzina la mudzi kapena la boma. Likafika ku Soweto Market ndi nshawa cabe, zosasiyana ndi za kwina kulikonse. Wina amazikazinga, kuzigaya, kuziika m'botolo ndi kumata pepala lokongola. Botolo lija limabwereranso mumsewu womwewo n'kudzakhala pa shelefu m'shopu ya mu Petauke, ndipo mwana wa mlimi uja amaligula. Yerekezerani nokha mtengo wa kilo imodzi pa sikelo ndi mtengo wa kabotolo ka ciponde kosafika n'komwe theka la kilo. Mbali ina ya kusiyanako ndi ya mashini, mafuta a galimoto ndi msonkho. Mbali ina ndi ya dzina, ndipo imeneyo ife sitiigwira.

Citsanzo cakuti zinthu zingayende mwina cilipo, ndipo n'ca m'cigawo cathu comwe cino. Bungwe la COMACO, limene a Dale Lewis anayambitsa mu 2003 m'cigwa ca Luangwa, linayamba ndi vuto la anthu opha nyama mozemba cifukwa ca njala. Linauza alimi kuti apereke misampha ndi mfuti, alime mosamala nthaka, ndipo ilo lidzagula zokolola zao. Nshawa, mpunga, soya ndi uci linaziika pansi pa dzina limodzi, It's Wild!, ndipo lero katunduyo amapezeka m'mashopu akuluakulu a mu Lusaka. Wogula wa ku Kabulonga akatenga botolo lija amalipira ciponde, amalipiranso nkhani imene ili kumbuyo kwake, ya njovu ndi mlimi wa m'cigwa. Nshawa zake ndi zomwezi timaona zikuyanikidwa m'midzi yathu. Casiyana ndi dzina, botolo laukhondo ndi lonjezo losungidwa caka ndi caka.

N'cimodzimodzi ndi saladi. Kuno timalima sanifulawa, ndipo mashini oyengera mafuta alipo ambiri. Koma mafutawo timawagulitsa m'mabotolo akale a madzi ndi a zakumwa, opanda pepala, opanda tsiku limene anayengedwa. Mphunzitsi kapena nesi amene wangobwera kumene m'boma lino amawaopa, amakagula a m'shopu odula. Wogulitsa amati anthu a pa nchito ndi onyada. Sindiona conco. Munthuyo sadziwa amene anayenga, ndipo akadwala m'mimba sadziwa kokadandaula.

Dzina limafanso

Gawo la msonkhano limene linandigwira mtima linali lokamba za mmene dzina limaonongekera. Pamene anali kukamba, ine ndinali kuganiza za Chalimbana. Acikulire akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 nshawa zikuluzikulu zimenezi zinali kucoka kum'mawa kuno kupita ku Ulaya, ndipo zinali zochuka. Msika umenewo unatayika. Cimodzi mwa zifukwa zake ndi poizoni wa aflatoxin, amene amacokera ku cuku ca pa nshawa ndi cimanga zosauma bwino. Maiko a ku Ulaya anakhwimitsa malamulo pa poizoniyu, ndipo katundu wosapimidwa anayamba kukanidwa.

Nkhaniyi si ya kale lokha. Mu August 2024 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya cokhala ndi aflatoxin, ndipo poizoniyu anapezekanso mu ufa wa makampani ena ogaya cimanga. Kwa milungu ingapo anthu m'mashopu anali kutembenuza thumba la ufa kuyang'ana dzina asanagule. Dzina limene linamangidwa zaka zambiri linagwedezeka m'masiku ocepa.

Tikambe zoona pano, abale. Timadziwa kuti ena amawaza madzi pa nshawa kuti zisendeke mosavuta, ndipo ena kuti zilemere pa sikelo. Timadziwa za mcenga ndi timiyala pansi pa thumba. Wocita zimenezi amapindula tsiku limodzi, koma wogula wa ku Lusaka sadziwa dzina lake, amangodziwa kuti thumba linacokera ku Petauke. Caka cotsatira amatsitsa mtengo kwa tonse. Akatswiri a pa Msekera ku Chipata anatipatsa mbeu zabwino monga MGV4 ndi MGV5, koma mbeu singateteze dzina ngati kuyanika ndi kusunga kuli kosasamala. Pepala lokongola pa botolo la ciponde ca cuku limangofulumizitsa imfa ya bizinesi, cifukwa manje anthu adziwa dzina loti azipewa.

Wailesi ikali ndi mphamvu

Okamba ambiri pamsonkhanowo anali a Facebook, TikTok ndi Instagram. Anationetsa mavidiyo okongola ndi acinyamata ochuka amene amalipidwa kuti aonetse katundu pa intaneti. Zonse zinali m'Cizungu, ndipo zitsanzo zao zinali za m'mamolo a mu Lusaka. Ndinakhala ndikudzifunsa kuti kasitomala wa ku Minga kapena ku Kacholola, amene foni yake ndi ya mabatani ndipo mabando amagula mwa apo ndi apo, adzaziona liti zimenezi. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni m'cigawo ca kum'mawa, ndipo ambiri a iwo akhala m'midzi. Kwa iwo wailesi ndiyo ikali bwenzi la m'mawa ndi madzulo.

Pamenepa ndi ife amene tingaphunzitse a ku Lusaka. Breeze FM, imene a Mike Daka anayambitsa ku Chipata mu 2002, inatipatsa Gogo Breeze. Anthu anayamba kuwalembera makalata, kuwaimbira foni ndi kuwadandaulira za malipiro osaperekedwa, za feteleza wocedwa ndi za mavuto a m'banja, monga mmene mdzukulu amacitira kwa agogo ake enieni. Mbiri yao inafika patali moti Harri Englund wa ku yunivesite ya Cambridge analemba buku lonse lonena za iwo, limene linatuluka mu 2018. Dzina limenelo silinagulidwe kunja. Linamangidwa pa mwambo wathu wakuti mdzukulu amakamba momasuka ndi agogo zimene sangakambe ndi atate ake. A COMACO nawonso anaona mphamvu imeneyi, n'cifukwa cake pulogalamu yao ya Farm Talk imapita kwa alimi kudzera pa wailesi.

Kuno ku Petauke tili ndi PASME ndi Radio Explorers. Koma mverani zotsatsa zambiri za amalonda athu. Munthu amalipira mphindi imodzi n'kuthiramo katundu yense wa m'shopu, kuyambira simenti mpaka madaipa, ndi manambala atatu a foni owerengedwa mothamanga. Womvetsera akamaliza sakumbukira kanthu. Cimene ndinatengako kwa a mawailesi a pamsonkhanowo n'cakuti cotsatsa cimodzi cikambe cinthu cimodzi, cichule dzina ndi malo kangapo, ndipo cibwerezedwe pa nthawi yomweyo kwa milungu ingapo. Ine ndiwonjezerapo cilankhulo. Cotsatsa coyamba ndi "Muli tyani?" cimagwira khutu la Mnsenga msanga kuposa Cizungu ca m'mphuno.

Sindikuti foni ilibe nchito. Status ya WhatsApp ndi yaulere, ndipo amene ali ndi nambala yanu ndi anthu okudziwani kale. Telala woika cithunzi coonekera bwino ca diresi imene wamaliza lero, ndi mtengo wake, amapeza maoda kuposa woika mavesi ndi zithunzi za maluwa. Ndipo anthu ochuka oti akuthandizeni kutsatsa tili nao: kondakitala wa basi, wa njinga yamoto amene amazungulira tauni yonse, amai otsogolera cilimba, mlembi wa gulu la kuchalichi. Amai a cilimba akanena kuti ciponde canu n'cabwino, mwapeza nyumba 20 tsiku limodzi.

Luso si kukopera

Matenda athu aakulu ndi kutengerana. Wina akatsegula kabuthi ka mobile money pakona, mwezi usanathe pali ena 10 a mtundu umodzi, penti imodzi. Maina a mashopu ndi a Cizungu okamba za madalitso ndi cisomo, ofanana moti ukatuma mwana amasokera. Pa Nyimba amai 30 amathamangira windo imodzi ya basi ndi nthoci zofanana, ndipo cotsala ndi kutsitsirana mtengo basi. Wopambana ndi wapaulendo.

Wokamba wina wopanga mapaketi ananena mfundo imene ndinailemba kawiri. Anati luso la pa malonda limayamba ndi kuona cimene cikuvutitsa wogula. Pamenepo ndinakumbukira pamela. Amai a m'makomboni anaona kuti si aliyense angakwanitse thumba la makilo 25, ndiye anayamba kupima ufa wa tsiku limodzi m'tumapulasitiki. Palibe amene anawaitana ku msonkhano, koma lero makampani aakulu amagulitsa sopo, shuga ndi mkaka m'tumapaketi pa cifukwa comweco.

Nanga wogula nthoci pa Nyimba cimamuvuta n'ciani? Ali ndi maola angapo kuti afike ku Lusaka, basi ndi yodzaza, ndipo nthoci za m'pulasitiki zimafika zitaphwanyika. Wogulitsa woyamba kuziika m'kakatoni kokhala ndi cogwirira, dzina ndi nambala ya foni, wosankhira wogula zakupsa za lero ndi zosapsa za mawa, sadzalimbananso ndi anzake pa mtengo. Nyengo yotentha nthoci zambiri zimaola zisanagulidwe, pomwe zouma kapena zokazinga zingakhale milungu m'paketi. Ndipo acinyamata odziwa kujambula pa foni ndi pa kompyuta tili nao mu Petauke, amene nthawi zambiri nchito yao imathera pa makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Wamalonda ndi wojambula afunika kukhala pansi pamodzi, ndipo wojambulayo alipidwe, osati kumuuza kuti ni kanchito kang'ono cabe, mwana wanga.

Kuteteza dzina

Cinthu cimene ambiri sitidziwa n'cakuti kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA ndi kulembetsa cizindikiro ca katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mungakhale ndi satifiketi ya bizinesi pa khoma, koma dzina ndi cithunzi zimene zili pa botolo lanu wina angazitenge ngati simunazilembetse pazokha. Kupima cakudya kumacitika ku Zambia Bureau of Standards, ndipo masikelo amaonedwa ndi Zambia Metrology Agency. Mashopu aakulu amafuna mapepala otere asanalandire katundu wanu, pamodzi ndi pepala la pa botolo losonyeza wopanga, kulemera kwake, zimene zili mkati ndi tsiku lothera.

Lamulo latsopano la zizindikiro za malonda, limene nyumba ya malamulo inapanga mu 2023, lili ndi mbali yotikhudza kwambiri. Limakamba za cizindikiro ca gulu, cimene mamembala onse a kopaletivu angagwiritse nchito, ndiponso za kuteteza dzina la malo kumene katundu amacokera. Maiko ena anayamba kale. Dziko la Ethiopia linalimbana ndi kampani ya Starbucks pa maina a khofi wa Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe, mpaka anagwirizana mu 2007. Tiyi wa rooibos wa ku South Africa anatetezedwa ku European Union mu 2021, moti wolimidwa kwina sangagulitsidwe kumeneko ndi dzinalo. Anansi athu a ku Malawi amagulitsa mpunga wa Kilombero ndi khofi wa ku Mzuzu ndi maina amene wogula amawafunafuna. Lero aliyense mu Lusaka angaike nthoci za kulikonse pa thebulo n'kunena kuti ni za ku Nyimba, ndipo palibe womufunsa.

Ndidziwa zimene ena akuyankha powerenga. Malaiti amavuta, ndipo tonse tikumbukira 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, mashini n'kukhala cete maola ambiri. Mabotolo ndi mapepala omata amacokera ku Lusaka, kupimitsa kumafuna ndalama, ndipo munthu mmodzi wa kantemba sangakwanitse. Zonsezi n'zoona, ndipo n'cifukwa cake nchitoyi ndi ya gulu. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwensi iliyonse, ndipo mbali ina ndi yothandiza makopaletivu ndi magulu a amai ndi acinyamata. Magulu ambiri amapempha nkhuku ndi mbuzi. Ndikanakonda kumva za gulu limodzi lopempha sikelo yovomerezeka, matenti oyanikira nshawa, mashini otsekera mapaketi, ndalama yopimitsira ndi yolembetsera cizindikiro. Gulu lotero lifunikanso lamulo lakelake lakuti membala wobweretsa nshawa zonyowa abwerere nazo kunyumba, ngakhale akhale mlamu wa wapampando.

Malo oyesera alipo, ndipo masiku ake ndi odziwika. Mu October alendo amadzaza kwa Kalindawalo pa mwambo wa Tuwimba, ambiri ndi ana a kuno okhala ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ofuna kanthu kobwerera nako. Cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ca ku Lusaka cimatha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la August, nshawa zatsopano zitauma kale. Gulu loyamba kukonzekera lero lingafike pa masiku awiriwa ndi mabotolo 200 olembedwa Petauke, okhala ndi nambala ya foni imene munthu akaimba wina amayankha.